Holo yopanda chimkuzamawu

Bambo anga anamwalira mu Ogasiti ine ndili ku London, ndipo maliro awo ndinawaonera pa foni. Mapepala anga okhalira kuno anali asanatuluke, moti ndikanapita sindikanaloledwa kubwereranso. Achimwene anaimika foni pampando pafupi ndi siwa kuti ndizitsatira mwambo pa WhatsApp, koma netiweki ya kumudzi kwathu, kuseri kwa phiri la Nkhoma, ndi yongobwera n'kupita. Nkhope zinkauma pagalasi, mawu n'kumadukaduka. Ochepa amene ankandipeza anali odutsa m'chimkuzamawu chobwereka, cholira ngati chitini chobooka. Bambo anaphunzitsa kwaya ya pampingo pathu zaka zoposa 30, koma pa nyimbo zonse zimene anthu awo anawayimbira tsiku limenelo, palibe ndime ngakhale imodzi imene ndinaimva yathunthu. Bokosi lisanatsike m'manda foni inathima. Ndinasamba m'maso, n'kuvala yunifolomu, n'kukakwera basi ya ku ntchito.

Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, kumpoto kwa mzindawu. Kuchipinda chakumapeto kwa khonde kumakhala agogo ena aamuna amene kale ankaphunzitsa masamu kusekondale. Tonse ogwira ntchito timalidziwa lamulo lawo: Lolemba ikakwana 1 koloko masana, chitseko chikhale chotseka, wayilesi ikhale pa BBC Radio 3. Lolemba lina, Sepitembala ali kumapeto, ndinaiwala n'kulowa ndi tiyi. M'wayilesimo munali mayi akuyimba yekha, piyano ikumuperekeza chapansipansi. Chilankhulo chake sindinachimve, koma ndinangoti ndwii, thireyi ili m'manja.

"Khalani pansi, mayi," anatero agogowo. "Tiyi sathawa."

Nyimbo itatha m'pamene anandifotokozera. Zimene tinkamvazo sizinali zojambula kale ayi. Anthuwo ankayimba nthawi yomweyo ku Wigmore Hall, pakati pa London, ndipo wayilesiyo imaulutsa konsati ya kumeneko Lolemba masana pa nyengo yake, imene imayamba mu Sepitembala n'kutha mu Julayi. Anandiuzanso za 2020, pamene Covid inatseka makomo onse, achibale osaloledwa kudzaona okalamba awo. Pa 1 Juni chaka chimenecho woyimba piyano Stephen Hough anakhala m'holoyo mipando yonse ili yopanda anthu, n'kuyimba, dziko likumvera m'nyumba pa wayilesi ndi pa intaneti. Mwezi wonsewo, Lolemba mpaka Lachisanu, kunkabwera oyimba ena. "Alendo anga anali amenewo," anatero.

Kenako anandifunsa zaka zanga. Nditati 33, anamenya dzanja pa bondo. "Osakwana 35 amapeza matikiti a makonsati ena pa £5. Pitani mukandimverere. Ine miyendo inakana kale."

Kuyambira Okutobala mpaka Julayi ndinapitako maulendo 14, ndipo ulendo uliwonse ndinkakapereka lipoti kuchipinda chakumapeto kwa khonde. Agogowo sankafunsa kuti zayenda bwanji. Funso lawo linali limodzi lokha: "Mwamva chiyani?"

Mukatsika sitima yapansi panthaka pa Bond Street, mumasiya chipwirikiti cha Oxford Street kumbuyo n'kuyenda mphindi zisanu kulowera kumpoto. Nambala 36 Wigmore Street mukhoza kuipitirira osaiona, chifukwa chizindikiro chake ndi kadenga kagalasi kotulukira kumsewu, basi. Mukalowa mumatsata kakhonde katali, ndiye n'kutulukira m'chipinda cha mipando yofiira pafupifupi 550. Tchalitchi chathu cha kumudzi pa tsiku la mgonero chimadzaza anthu oposa pamenepo. Pamwamba pa nsanja denga lake ndi lozungulira ngati theka la mtsuko, ndipo anajambulapo munthu atakweza manja kumwamba, kumene kuli chimpira cha moto.

Holoyi inamangidwa ndi Bechstein, kampani ya ku Germany yopanga mapiyano, imene sitolo yake inali khomo loyandikana. Nkhani yake inali ya malonda: anthu amve piyano ikulira m'manja mwa akatswiri, mawa abwere kudzagula. Anaitsegula pa 31 Meyi 1901 ndi dzina loti Bechstein Hall, Ferruccio Busoni ali pa piyano, Eugène Ysaÿe ali ndi vayolini. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itabuka, katundu wa makampani a ku Germany analandidwa. Mu 1916 holoyo, pamodzi ndi mapiyano ake, inagulitsidwa pa okushoni kwa eni sitolo ya Debenhams, ndipo mu 1917 inatsegulidwanso ndi dzina la msewu wake. Mbiri imeneyi imandimasula mtima ndikamalowa. Si nyumba ya mafumu. Inayamba ngati khonde la wamalonda, poonetsera katundu.

Tsiku loyamba ndinayang'ana uku ndi uku kufunafuna masipika, koma sindinawaone. Timamayikolofoni timene timakhalapo ndi tojambulira za pa wayilesi, sitikweza mawu a oyimba m'chipindamo. Chimene chatuluka pakhosi pa munthu kapena m'thabwa la vayolini n'chomwecho chimene chimafika m'khutu mwanu, ngakhale mutakhala mzere womaliza, kumene ine ndinali.

Usiku umenewo kunali piyano yokha. Bambo wina wachikulire, atavala zakuda, anatulukira pakachitseko kakumbuyo kwa nsanja, n'kuwerama pang'ono, n'kukhala pansi. Moni sanapereke, mawu sanalankhule. Patsogolo pake panali chipiyano chakuda cha Steinway chotalika pafupifupi mamita 3, cha makiyi 88 ndi zingwe zoposa 200 m'kati mwake, kiyi iliyonse ndi kanyundo kake kofewa komenyera zingwezo. Ine piyano ndinkaidziwa ngati kiyibodi ya kutchalitchi, ija ukadina batani imadziimbira yokha ng'oma ndi besi. Iyi ilibe batani, ilibe waya wamagetsi. Kukweza mawu ndi kuwatsitsa kuli m'kulemera kwa chala.

Anatsiriza ndi sonata yomaliza pa 32 zimene Beethoven analembera piyano, ya mu 1822, makutu ake atagontha kale. Sonata ndi nyimbo yaitali yogawidwa zigawo, kawirikawiri zitatu kapena zinayi. Iyi ili ndi ziwiri zokha, mpaka osindikiza ake anafunsa ngati chachitatu chaiwalika. Gawo loyamba ndi chimkuntho, manja onse awiri akuthamangitsana ngati anthu olimbirana malire a munda. Litatha ndinakweza manja kuti ndiwombe, koma mayi wachikulire amene anakhala pambali panga anandigwira pamkono mofatsa. "Sinathe," ananong'ona. Ndimamuthokozabe mayi ameneyo, chifukwa kachetechete kapakati pa zigawo ziwirizo n'kamene kamakonza mtima.

Gawo lachiwiri limayamba ndi kanyimbo kosavuta, koti mwana wa Sande sukulu angakayimbe. Kenako kamabwerezedwa, ndipo ulendo uliwonse kamanyenyeka tizidutswa ting'onoting'ono. Pena kamadumphadumpha ngati kakufuna kuvina, kenako n'kukwera kumakiyi akumanja kwenikweni, kumene mawu amangonjenjemera ngati madzi a padambo dzuwa likamatuluka. Ndipo nyimboyo simathera m'phokoso. Imangotsika, n'kukhala pansi. Bamboyo sanachotse manja pamakiyi. Anthu 500 tinangoti zii. Wotsokomola panalibe, wosuntha phazi panalibe, mpaka iye atatsitsa mapewa.

"Mwamva chiyani?" anandifunsa agogo m'mawa mwake, ndikuwakonzera pilo.

"Ndamva anthu ali chete, agogo."

"Ndiye mwayamba bwino."

Bambo ankaphunzitsa kwaya ndi choko pabolodi. Manotsi a mizere isanu ndi timadontho takuda sankawawerenga. Ankalemba d, r, m, f, s, l, t, njira ya solofa imene Sarah Glover wa ku Norwich anaiyambitsa, John Curwen n'kuifalitsa m'zaka za m'ma 1800, mpaka inafika kwathu m'manja mwa amishoni. Lachitatu ndi Loweruka madzulo tinkasonkhana m'kalasi ya pulayimale, iwo n'kutipatsa "do" chapansipansi, ndipo sopulano, aluto, tena ndi besi aliyense ankatola mawu ake kuchokera pamenepo. Ine ndinali aluto. Aluto sawomberedwa m'manja. Nyimbo imene anthu amapita nayo kunyumba ndi ya sopulano, ife timangodzaza pakati. Ndikakweza mawu kuti nanenso ndimveke, bambo ankaimitsa kwaya yonse n'kundiloza ndi choko: "Iwe, ukamadzimva wekha ndiye kuti wakweza. Mvera mnzako."

Mu Novembala ndinakamvera anthu anayi oyimba zida za zingwe, gulu limene amalitcha string quartet: mavayolini awiri, viola ndi cello. Vayolini ndi mbale wake wa kaligo, kungoti kaligo ali ndi chingwe chimodzi pamene iyi ili nazo zinayi, koma uta wokhulira ndi womwewo. Viola ndi yokulirapo pang'ono, mawu ake otsikirako. Cello amaiimika pansi, pakati pa mawondo. Atangoyamba ndinaizindikira kwaya ya bambo: sopulano, aluto, tena, besi. Anayamba ndi nyimbo ya Joseph Haydn, amene analembera gulu lotere nyimbo zoposa 60 ndipo ndi amene analiumba kuti likhale mmene lililimu, mawu anayi akucheza, wina akayamba nkhani wina n'kuilandira.

Tsikulo ndinapeza mpando wakutsogolo, choncho ndinaona zimene wayilesi singakuonetseni. Woimirira kutsogolo ndi kamtengo kulibe. Pofuna kuyamba, wa vayolini yoyamba amakoka mpweya m'mphuno, womveka mpaka pamene ndinakhala, nsonga ya vayolini n'kukwera pang'ono, onse anayi n'kugwera limodzi. Koma ine maso anga anali pa mtsikana wa vayolini yachiwiri, aluto mnzanga. Pepala la manotsi linali patsogolo pake, koma ankangoliba ndi diso. Nthawi yambiri ankayang'ana uta wa mnzake wakumanja, kenako chala cha wa cello. Cello ikatenga nyimbo, iye ankatsitsa mawu ake mpaka kungotsala kafungo chabe, ndipo itabweza, n'kukweranso. Tsitsi limodzi la uta wake linaduka n'kumalendewera. Anadikira pampata pamene mbali yake inapuma, n'kulithothola ndi zala ziwiri, maso ali pa anzake.

Nyimbo zotere Azungu amazitcha chamber music, kutanthauza nyimbo za m'chipinda, chifukwa poyamba zinkayimbidwa m'nyumba, pakati pa anthu odziwana. Ine ndikanazitcha nyimbo zomverana. Ndipo apa ndinene chimene chimandiwawa. M'matchalitchi ambiri kwathu kiyibodi ndi masipika zalanda malo. Kwaya imakajambulitsa nyimbo ku situdiyo, Lamlungu n'kubwera ndi fulashi, oyimba n'kumangovina akuyendetsa milomo. Kuvinako n'kokoma, nane ndavina nawo, ndipo anyamata a makiyibodi ali ndi luso lawo. Koma mwana amene wakulira pambali pa sipika sangaphunzire kutsitsa mawu kuti mnzake amveke, chifukwa mnzakeyo sanamumvepo. Zaka zawo zomaliza bambo ankadandaula za chimenechi, ife n'kumati ndi ukalamba. Anali kunena zoona.

Januwale wa kuno ndi wolemera. Dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana, ndipo ukatuluka ku ntchito chisanu chimakulowa m'mano. M'mwezi umenewo agogo anandionetsa pa ndondomeko konsati imodzi n'kunena kuti, "Imeneyi musaphonye. Mukadye kaye, ndi ulendo wautali."

Franz Schubert anabadwira ku Vienna mu 1797. Anali mwana wa mphunzitsi, ndipo anakulira m'kwaya. Analemba nyimbo zoposa 600 zoyimba munthu mmodzi ndi piyano, n'kumwalira mu 1828 ali ndi zaka 31, wamng'ono kwa ine. Chaka chimodzi asanamwalire anatenga ndakatulo 24 za Wilhelm Müller n'kuziveka nyimbo, zonse pamodzi n'kukhala Winterreise, ulendo wa m'nyengo yachisanu. Nkhani yake ndi yaifupi. Mnyamata wakanidwa ndi mtsikana amene ankayembekeza kumukwatira, ndiye akuchoka m'mudzimo usiku, wapansi, m'chipale. Kumene akupita kulibe. Anzake a Schubert atazimva koyamba anadabwa ndi mdima wake.

Zimayimbidwa zonse 24 motsatizana, kopitirira ola limodzi, osapumira. Pakhomo amakupatsani mawu ake m'Chijeremani ndi m'Chingerezi, ndipo pansi pa tsamba amapempha kuti musatembenuze pepala mpaka nyimbo itatheratu, piyano nayo itakhala chete. Ndinamvetsa chifukwa chake: m'chipinda chotere, mapepala 500 akatembenuka nthawi imodzi amamveka ngati mbalame zouluka m'munda wa mapira.

Woyimbayo, bambo wa mawu apakati pa tena ndi besi, anaima pamene thupi la piyano limapindikira, dzanja limodzi atagwira m'mphepete mwake, wopanda pepala. Wa piyano ndi amene anayamba, ndipo zimene anayimba anali mapazi: kuponda, kuponda, kuponda, osafulumira, osaima. Pamenepo ndinadziwa kuti ndinalakwa poganiza kuti piyano imangoperekeza. M'nyimbo zimenezi piyano ndiyo njira, ndiyo mphepo, ndiyo misozi yogwa n'kuuma ndi chisanu, ndiyo khwangwala amene akuzungulira pamutu pa woyendayo kudikira kuti agwe. Mawu oyamba a mnyamatayo ndi oti anabwera ali mlendo, ndipo akuchoka ali mlendo. Aliyense amene anasiya kwawo n'kukhala zaka m'dziko la eni, akusambitsa makolo a anthu ena pamene ake akukalamba kutali, safunika womumasulira mawu amenewo.

Pali nyimbo ina chakumapeto imene woyendayo amafika pamanda n'kuwaona ngati nyumba ya alendo, akupempha malo ogona, koma zipinda zonse n'zodzaza. Imayenda pang'onopang'ono ngati nyimbo yonyamulira bokosi. Woyimbayo anaitsitsa mpaka kufika pa kunong'ona, koma liwu lililonse linafika kumbuyo kumene ndinali. Chimkuzamawu sichikanatha zimenezo. Chikanakweza kunong'onako n'kukhala kufuula.

Ndiye yomaliza. Kuseri kwa mudzi woyendayo akupeza nkhalamba yaima pa madzi oundana, yopanda nsapato, ikupukusa kachida kake ka zingwe ndi zala zouma. Kambale kake kali gwa, mulibe ndi khobidi lomwe. Womumvera palibe, womuyang'ana palibe, agalu akumuuwa, koma iye akungopukusabe. Dzanja lamanzere la wa piyano limagwira mawu awiri omwewo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osasintha. Ndipo mnyamatayo amafunsa nkhalambayo ngati angapite nayo limodzi.

Ndili mwana, tikapita ku Lilongwe ndi bambo, padepoti ya basi pankakhala bambo wina wosaona akuyimba bangwe, mbale ili pamapazi ake. Anthu ankaponya ndalama akuyenda. Bambo anga ankaima, chipewa chili m'manja, basi yathu ikudzaza. Tsiku lina ndinathamangira kukaponya tambala imene anandipatsa, iwo n'kundigwira phewa. "Dikira nyimbo ithe. Munthuyu wabwera kudzayimba, sanabwere kudzapempha." Ndinali nditaiwaliratu. Mawu awiri aja a dzanja lamanzere ndi amene anandibwezera zonse: fumbi, fungo la dizilo, chipewa cha bambo. Miyezi isanu chimwalirire iwo, misozi inali isanatsike. Inatsikira pampando wofiira uja. Munthu wina wosamudziwa anandiikira kansalu pabondo, osandiyang'ana.

"Mwamva chiyani?"

"Ndamva bambo anga, agogo."

Kanali koyamba kuwauza kuti ndinaferedwa. Sanandifunse zambiri. Anatambasula dzanja, ine n'kuligwira, ndipo patapita nthawi anati, "Ndiyimbireniko imene anakuphunzitsani." Ndinawauza kuti ine ndimadziwa aluto yokha, ndipo aluto payokha simveka ngati nyimbo. "Yimbani basi," anatero. Ndinayimba ndime ziwiri, chitseko chili chotseka.

Si zonse za m'nyengoyi zimene zinandigwira mtima. Mnyamata wina wa piyano anali ndi zala ngati mphezi, holo yonse inamuwombera m'manja, koma ine ndinatuluka ngati ndadya nsima yopanda ndiwo. Kunalinso nyimbo ina yatsopano ya zida zinayi imene sindinapeze khomo lake lolowera. Agogo anati ndikaimverenso pa intaneti kachiwiri ndi kachitatu, ndipo kachitatuko ndinayamba kuona pamene mawu ake akulowera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Makonsati a Lamlungu m'mawa, amene amayamba 11.30 n'kutha ola limodzi, anthu n'kulandira khofi kapena kakapu ka vinyo wotchedwa sherry, ndinapitako kawiri kokha, chifukwa nthawi imeneyo ndi ya kutchalitchi. Malichi ndi theka la Epulo zinapita ndi ntchito, anzathu awiri atasiya.

Chinthu china ndinkachiona ulendo uliwonse: m'holomo mitu yambiri ndi ya imvi, ndipo anthu akuda nthawi zina ndinkatha kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Palibe anandionetsa nkhope yoipa, koma munthu umadziwa ukakhala wekha. Tsiku limene zinasintha ndi la African Concert Series, makonsati amene anayambitsa mu 2019 Rebeca Omordia, woyimba piyano wobadwira ku Romania kwa bambo a ku Nigeria, kuti nyimbo zolembedwa ndi anthu a mu Africa zizimveka pa nsanja ngati imeneyi. Tsiku limenelo kunali nsalu za mitundumitundu, ana, ndi anthu opatsana moni mokweza pakhonde. Ndinamva piyano yomwe ija ikulankhula ngati mangolongondo, manja awiri akulandizana monga amachitira anthu awiri okhala moyang'anizana pa chida chimodzi. Pambuyo pake ndinawerenga za Akin Euba wa ku Nigeria, amene anamwalira mu 2020. Iye ankaphunzitsa kuti piyano, poti ndi chida chomenya, ikhoza kuyimbidwa ndi nzeru za ng'oma ndi malimba a kwathu. Mayina ena amene ndinawadziwa kudzera m'makonsati amenewa ndi Fela Sowande ndi Ayo Bankole. Ndinabwerera kunyumba ndikulakalaka tsiku limene mwana wa ku Nsanje adzatenge kalandizanidwe ka ulimba n'kukalembera zida zinayi za zingwe, kapena wa ku Dedza adzatenge mayankhidwe a amayi a chimtali n'kuwapatsa piyano ndi mawu.

Konsati yanga yomaliza inali mu Julayi, kunja kukuwalabe 9 koloko usiku. Anthu asanu: quartet ija, kuwonjezapo cello yachiwiri. Nyimbo inali ya Schubert yemwe uja, imene anailemba miyezi iwiri yokha asanamwalire. Iye sanaimve ikuyimbidwa. Inakhala m'mapepala mpaka 1850.

Amene munagonapo pamaliro mukudziwa mmene usiku umayendera. Chakumadzulo nyimbo zimakhala zamphamvu, makwaya akulandizana, amuna ali pamoto panja. Pakati pa usiku anthu amayamba kuchepa. Ikamakwana 3 koloko jenereta yathimitsidwa, ambiri agona tsonga atatsamira khoma, ndipo m'siwa mumatsala amayi atatu kapena anayi a Chigwirizano. Sayimbanso kuti anthu amve. Amayimba chapansipansi, mokoka, liwu limodzi n'kulitalikitsa mpaka mpweya utatha, kuti namfedwa asakhale yekha. Ndipo namfedwayo amalira modukizadukiza pamwamba pa nyimboyo, mawu awiri, atatu, n'kupuma.

Gawo lachiwiri la nyimbo ya Schubert ndi chimenecho ndendende. Zida zitatu zapakati, vayolini yachiwiri, viola ndi cello imodzi, zimagwira nyimbo yokoka, yoyenda pang'onopang'ono moti umachita kukayika ngati ikusuntha. Pamwamba pake vayolini yoyamba imalankhula timawu tifupitifupi, n'kuima, n'kuyambanso. Pansi, cello inayo siikhula ndi uta, imangodula chingwe ndi chala, kamodzi, kamodzi, ngati mtima wa munthu amene wakhala pafupi nawe mumdima. Pakati pa gawolo pamabuka chimphepo, kulira kwenikweni kodzigwetsa pansi. Chikatha pamakhala timipata ta zii, ndiyeno atatu aja amayambiranso pamene anasiyira, osakweza, osafulumira. Ndinayang'ana nkhope zawo. Palibe mwa atatuwo amene ankafuna kumveka kuposa mnzake.

Nditatuluka sindinalowe m'sitima. Ndinayenda wapansi mpaka ku Oxford Circus, ndipo m'mawa mwake, ndisanapite ku ntchito, ndinaimbira foni amayi.

"Amayi, usiku uja wa maliro a bambo, anthu atagona, alipo anatsala akuyimba?"

Anakhala kaye chete. "Analipo, mwanawe. Atatu. Aja anayamba nawo kwaya bambo ako asanakwatire. Anayimba mpaka tambala woyamba. Bwanji ukufunsa lero?"

Ndinawauza kuti ndinkangofuna kudziwa.

Mapepala anga anatuluka mu Juni, ndipo tikiti ya ndege ndagula kale. Chiliza cha bambo tidzachivundukula mu Sepitembala. Sabata yatha achimwene anandiimbira kundiwerengera zofunika: simenti yotsala, matumba a chimanga, mbuzi ziwiri, mahema, jenereta ndi masipika.

"Masipika abwere, achimwene, olankhula adzawafuna. Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Kwaya ya bambo idzayimbe nyimbo imodzi zonse zitathimitsidwa. Kiyibodi, jenereta, zonse."

"Mlongo, anthu adzachuluka. Akumbuyo sadzamva."

"Adzasendera pafupi."

Anaseka pang'ono, kenako anati akalankhula ndi amene akutsogolera kwaya pano. Tisanadule anandiuza kuti posesa m'chipinda cha bambo anapeza makope awo atatu a solofa m'sutikesi, pansi pa jekete la ukwati, ena tsamba lakutsogolo litadyedwa ndi njenjete. Ndawapempha kuti andijambulire masamba a nyimbo imene ndasankha, kuti ndiyambe kukumbutsira mzere wa aluto. Agogo akumapeto kwa khonde avomera kuti ndizikayesera m'chipinda chawo Lolemba, 2 koloko ikakwana, wayilesi itatha.